Tenti Yobiriwira Pabwalo Pathu ku Rimuka

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, amayi a chigwirizano, makolo anga nonse ndi achinyamata anzanga, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu.

Dzina langa ndine Tadala, mwana wachiwiri wa a Nkhoma osoka matenti ku Rimuka, kuno ku Kadoma. Ndili Fomu 3 ku Chegutu, kumene ndimakhala ndi azakhali anga masiku a sukulu. Ndaima pano lero kuti ndichitire umboni. Ndalemba papepala, chifukwa ndikamayankhula za pamtima ndimathawira ku Chishona, ndipo ndikufuna izi ndizinene m'chiyankhulo cha makolo anga. Ndikaphonya mawu mundikhululukire.

Ndikuona ena mwayamba kale kumwetulira. Munalipo tsiku lija. Sekani ndithu, sindikukwiyirani. Koma inu munaona za kunja kwa tenti. Ine ndikufuna ndikuuzeni za mkati.

Ndiyambe ndi m'mene tinalili kale. Fakitale ya nsalu imene ababa ankagwirako ntchito itatseka, ine ndili wakhanda, ababa anagula makina akale osokera lona, chinsalu chokhuthala chija chosalowa madzi. Anawaika pakhonde pathu. Ankasokera matenti makorokoza, anyamata okumba golide ku Eiffel Flats. Ankasokera alimi a ku Sanyati malona ofunditsa thonje. Matchalitchi akamakonzekera misonkhano ya Pasaka ankabweranso kwathu. Ine ndinakulira m'phokoso. Makina kulira, ababa kuimba, ndipo kuimba kwake, abale, kosagwirizana ndi nyimbo ina iliyonse ya m'buku. Munthu akamadutsa pamsewu ankamuitana ndi dzina, kumufunsa za ana ake, za mwendo wa agogo ake. Amayi ankati, "Bambo a Esnati, mukuthamangitsa nkhuku ndi pakamwa panupo." Iwo n'kuseka.

Kenako kunabwera shopu ija ya m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Bulawayo, imene anthu akuitcha kuti kuMatende, ndiye kuti kumatenti. Eni ake ndi ochokera kunja. Nonse mwaiona. Pamwamba pake anaikapo bwato lenileni. Pawindo pali zidole zazikulu ngati anthu, bambo, mayi ndi ana, zitakhala pakhomo pa tenti, pa udzu wapulasitiki, zikuwotha moto wosayaka. Tsiku lotsegulira tinapita ndi ababa kukaonerera. Anaima pawindo paja manja kumbuyo, nati, "Taona Tadala. Anthu ali ndi nyumba zawo zabwinobwino, koma akugula zokagonera kutchire. Agogo ako anagona kutchire ulendo wonse wochokera ku Malawi, ndipo palibe anawalipiritsa." Anaseka mpaka kutsokomola. Ankaganiza kuti ndi shopu ya anthu olemera okawedza nsomba kudamu Loweruka. Ankati ife sizikutikhudza.

Zinatikhudza. Makorokoza anapeza kuti tenti ya kumeneko ndi yopepuka, umaipinda n'kuiika m'kachikwama, n'kuthamanga nayo kumsana. Ya ababa inkafuna anthu awiri kapena wilibala. Anapezanso komweko majombo, matochi a pamutu, zonse pamalo amodzi. Alimi nawo anapeza malona apulasitiki. Sindinabwere kudzaneneza shopu, abale anga. Sanatibere kanthu. Anangotsegula zitseko zawo, anthu n'kulowa. Amene ankaima pakhonde pathu anayamba kudutsa tsidya lina la msewu, maso pafoni.

Ndiye asisi anga a Esnati, amene anakhala pakhomo nthawi yaitali osapeza ntchito, analembedwa ntchito komweko. Anabwera madzulo atavala malaya obiriwira a shopuyo. Anagwada pakhonde n'kuwauza ababa. Ababa anayang'ana malayawo, anagwira mkono wake, kuutembenuza kuti aone msoko, n'kunena kuti, "Zikomo mwananga." Basi. Mawa lake anafunditsa makina ndi nsalu yoyera, kuwakokera m'nyumba, iwonso n'kulowa.

Sanakalipe. Sanamwe mowa. Sanamenye munthu. Bwenzi mwina zili bwino akanatero, chifukwa tikanadziwa chopempherera. Anangokhala chete. Ankakhala pampando wa kuchipinda kuyang'ana khoma. Ndevu zinamera. Sadza, nsima yathu ija, ankatema kamodzi, kawiri, n'kukankha mbale. Ufa wake unali wogula asisi, ndipo asisi ankadziwa chifukwa chake mbale ikubwerera. Asisiwo ankakadyera kuseri kwa nyumba. Kuchipatala anawayeza n'kunena kuti sakupeza matenda. Akulu a mpingo mukabwera, amayi ankati agona. Sanali kugona. Ankakumvani.

Ine ndinkabwera Lachisanu kuchokera ku Chegutu. Ndikagwada kuwapatsa moni ankati, "Wabwera." Lamlungu ndikamatsanzika ankati, "Wapita." Pakati pake panalibe mawu. Kenako ndi mawu awiri amenewo omwe anatha. Ankangogwedeza mutu.

Poyamba ndinkapemphera ndikulira. Kenako ndinkapemphera osalira. Kenako ndinkangogwada, osanena kanthu, mpaka mawondo atatopa. Ine ndimakonda kulemba zochitika za tsiku lililonse ndisanagone. Masiku amenewo ndinkangolemba kuti lero kunatentha, lero kunagwa mvula, lero tinaphunzira za mitsinje. Mukudziwa m'mene mkono umachitira ukaugonera? Umautsina koma osamva. Ndi wako, ukuuona, koma uli ngati wa munthu wina. Dzanzi. Mtima wanga unachita dzanzi. Sindinali wachisoni ayi. Ndinkakhoza mayeso. Ndinkachapa, ndinkasita, ndinkaseka anzanga akaseka. Koma mkatimu munalibe munthu.

Tsiku lina asisi anabwera ndi tenti. Inali ija ankaiimika panja pa shopu kuti anthu aziona. Dzuwa linaifwifwitsa mbali imodzi, ndiye akuluakulu a shopu anaipereka kwa antchito. Asisi ankaganiza kuti mwina ababa aidula n'kusokamo zikwama. Anaiika pamapazi awo, ili m'thumba lake. Ababa sanaiyang'ane. Amayi anaikankhira kuseri kwa chitseko, ndipo inakhala kumeneko.

Tsopano ndafika pa tsiku lija. Linali Lachitatu. Amayi anali atapita ku Sanyati kukapikula mtedza, kumudzi kumene foni sigwira. Asisi anali kuntchito, ndipo kumeneko mafoni amawatsekera m'makabati. Ine ndinali kusukulu. Ababa anatsala okha. Chimene chinawadzutsa pampando paja sindichidziwa. Anatenga tenti ija, kutuluka nayo, n'kuiimika pabwalo, kutsogolo kwenikweni kwa nyumba. Atatha analowamo n'kudzitsekera.

Abale, amene anapanga tenti imeneyo anaipangira anthu okasangalala kutchire. Sankadziwa Rimuka. Kwathu kuno tenti ikaima pabwalo pa munthu pakati pa sabata, popanda nyimbo za ukwati, sitifunsa kuti kwagwanji. Timadziwa.

Mayi Sakala, oyandikana nafe, anatuluka kukataya madzi n'kuiona. Anakumbukira kuti ababa sanaoneke panja chiyambire nthawi ya mvula. Beseni linagwa. Anathamangira kwathu akulira, anapeza chitseko chili pululu, kuchipinda kulibe munthu, pabalaza pali chinthu chofunditsidwa nsalu yoyera. Atavundukula anapeza ndi makina. Anati ndiye kuti thupi apita nalo kale kumotchale, ndipo mayi a Esnati aperekeza. Sindikuwanena mayi Sakala. Aliyense wa ife akanaganiza chomwecho. Uthenga unayenda pamafoni. Usanakwane masana unali utafika ku Chegutu.

Ndinali m'kalasi. Aphunzitsi anaitanidwa panja, atabwerera anandigwira paphewa n'kunena kuti nditenge mabuku anga onse. Panja ndinapeza azakhali atamanga chitenje pamwamba pa diresi la kuntchito, maso atatupa. Anati, "Tadala, achimwene anga atisiya." Ine ndinati, "Chabwino." Ndi mawu amene anatuluka. Chabwino. Ndinabwereranso m'kalasi kukatenga rula yanga imene ndinabwereka mnzanga.

M'kombi, minibasi ija, azakhali ankalira njira yonse, anthu n'kumawatonthoza. Ine ndinali pawindo. Ndikukumbukira kuti mayi wina ananyamula nkhuku m'katoni, ndipo nkhukuyo inkandiyang'ana pabowo. Ndikukumbukira kuti ndinkaganiza ngati yunifolomu yanga idzauma ndikaichapa madzulo. Ndinkadziuza kuti, ababa ako amwalira, ababa ako amwalira, ngati ndikuloweza za mayeso. Osamva kanthu. Polowa mu Kadoma tinadutsa pa shopu paja. Magalimoto anali mbwee. Bwato lili pamwamba pompaja. Azakhali anati atuma kale munthu kukawauza asisi. Ine ndinangoona kuti zidole za pawindo azisintha zipewa.

Titafika kunyumba zonse zinali m'malo mwake monga mwa mwambo wathu. Mipando ndi kabati azitulutsa panja. Moto wayaka kuseri, miphika ikuluikulu ya sosaite yathu ya maliro yafika kale. Azimayi ali m'nyumba akuimba. Abambo ali pamabenchi mozungulira tenti. Anthu ankandigwira dzanja, ena akuti pepani, ena m'Chishona akuti nematambudziko. Anandilowetsa m'nyumba, mayi Sakala n'kundikumbatira.

"Lira mwanawe," anatero. "Usasunge m'mimba, udwala nazo. Lira."

Ndinayesa. Pamaso pa Mulungu, ndinayesa. Ndinatsinzina, ndinakumbukira nkhope yawo, ndinafinya pakhosi. Panalibe chotuluka. Ndinamva mayi wina kumbuyo akunong'ona kuti, "Ana a sukulu a masiku ano, mitima ngati miyala." Ndinachita manyazi n'kutuluka panja.

Panja abambo ankakambirana za tenti.

"Kakang'ono aka. Maliro a munthu wamkulu ngati a Nkhoma tikwanamo angati?"

"Wabweretsa ndi mwana wawo uja wa kuMatende."

"Munthu wasoka matenti moyo wake wonse, lero tizimulirira m'tenti ya eni. Dziko ili."

"Nanga khomo lake lili kuti? Ine ndazungulira, ndikungoona mazipi okhaokha."

"Isiyeni achimwene, mung'amba. Zinthu za azungu zimafuna mwini wake. Adzatsegula yekha akabwera."

Atcheya a sosaite anali pafoni, akukangana ndi anthu amene anawatuma kumotchale. Ankati, "Fufuzani bwino! Nkhoma! N-K-H! Mwina alemba ndi Chishona."

Ine ndinaima pamenepo ngati mtengo. Maso anga anali pansi, chifukwa sindinkafuna kuyang'ana munthu. Ndi pamene ndinaona mapatapata. Anali mmunsi mwa tenti, mbali ya kumpanda, atayalidwa bwinobwino limodzi pambali pa linzake, zidendene zikuloza kunja. Wina aliyense akanati ndi nsapato zongotsala pabwalo. Koma ababa saponda lona ndi nsapato. Ndi lamulo lawo la ntchito. Ngakhale lona wakuda chotani, amavula kaye. Ife tonse tinakula tikukalipiridwa chifukwa cha zimenezo.

Sindinakuwe. Sindinauze munthu. Ndinazungulira, kugwada, kupeza zipi, kukoka pang'ono n'kulowetsa mutu.

Mkati munali motentha, ndipo chilichonse chinkaoneka chobiriwira, ndi nkhope yawo yomwe. Anali atakhala pansi, atapinda miyendo, thukuta lili chuchuchu. Chala chawo chinali pamsoko wa pakona.

Ndinati, "Ababa."

Anati, "Lowa utseke."

Ndinavula nsapato, ndinalowa, ndinatseka. Tinakhala moyang'anana. Kunja nyimbo inkapitirira. Tinkamva chilichonse, ngakhale kulira kwa benchi munthu akasuntha.

Ndinati, "Anthu akuti mwamwalira."

"Ndawamva."

"Nanga osatuluka bwanji?"

Ndinaganiza kuti abwerera kukhoma kwawo kuja. Kenako anayankhula, mawu ali osasa ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsegulidwa.

"Ndimafuna ndione m'mene anasokera. Kuyambira m'mawa ndikufunafuna pamene analakwitsa. Palibe, Tadala. Asoka bwino. Ine sindingathe kusoka chonchi." Anachotsa chala pamsoko paja. "Mayi Sakala atayamba kulira ndinafuna kutuluka. Kenako ndinati, mwina akudziwa ndi iwowo. Mwina ndine ndekha amene sindinauzidwe."

Abale, pamenepo mwana wabwino akanawagwira miyendo n'kulira. Ine ndinangokhala. Ndinkaona nyerere ikuyenda pabondo lawo.

Anandiyang'anitsitsa, kwa nthawi yoyamba chichokereni pakhonde paja. Anati, "Maso ako ndi ouma."

"Inde."

"Azakhali ako ndikuwamva. Anthu amene sindinawapatse moni chaka chino ndikuwamva. Iwe sunandilire?"

"Ndayesa, ababa. Sizikubwera."

"Chifukwa?"

Sindinakonzekere yankho. Linatuluka lokha, ndipo linatuluka m'Chishona, koma ndikuuzani m'chathu. Ndinati, "Munachoka kalekale, ababa. Anthuwa angochedwa kumva. Ine ndakhala wamasiye nthawi yonseyi, ndipo ndazolowera."

Sindinanene mokwiya. Ndinanena ngati m'mene munthu amanenera kuti kunja kuli mitambo. Ndikukhulupirira kuti si ine ndinasankha mawu amenewo, chifukwa ine ndinalibe mphamvu yosankha chilichonse. Mulungu anatenga mtima wanga wouma womwewo n'kuugwiritsa ntchito.

Ababa anabwereza mawu amodzi okha. "Wazolowera." Anawanenanso, motsitsa. Kenako anati, "Ayi. Mwana asazolowere zimenezo." Anagwira phewa langa n'kudzuka movutikira, chifukwa miyendo inali itauma. Anati, "Tsegula. Mapatapata anga ali kuti?"

Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine. Zipi inalira, ababa n'kutulutsa mutu, ndevu zili nyankhalala, maso ofiira. Benchi linagudubuzika. Bambo wina amene amayenda ndi ndodo anafika kumsewu ndodo itatsala pabwalo. Wina ankangoti maiwe, maiwe, atakwera pa kabati yathu. Atcheya anaima foni ili kukhutu, n'kuuza a kumotchale aja kuti, "Basi bwererani, tawapeza." Azimayi a m'nyumba anatuluka nyimbo ili pakamwa, n'kuthera pakhomo. Azakhali anawagwira ababa kumaso, m'makutu, m'manja, kenako anayamba kuwamenya ndi chitenje. "Achimwene, ndinu mfiti kodi? Ndalira kuchokera ku Chegutu, mawu andithera, inu muli phee m'chithumba!"

Ababa anati, "Pepani nonse. Ndimangoona msoko."

Atcheya anati, "A Nkhoma, msoko umenewu mukanauonera kuseri kwa nyumba."

Anthu ali mkati moseka, asisi anafika. Iwo uthenga wachiwiri unali usanawapeze. Anatsika galimoto ya mnzawo wa kuntchito akuthamanga, opanda nsapato imodzi, malaya obiriwira aja ali pathupi, akukuwa kuti, "Ndawapha ndine! Ndawapha ndine ababa!" Kuseka konse kunatha. Atawaona ababa ataima, anagwa pafumbi. Ababa anapita okha kukawadzutsa. Anawapukuta fumbi pamalaya paja n'kunena, anthu onse akumva, "Sunaphe munthu iwe. Wakhala ukundidyetsa, ine osathokoza. Pita ukanditengere chakudya, ndili ndi njala."

Chakudya cha maliro chinali chitapsa kale. Sichikanatayidwa. Anthu anakhala pansi n'kudya, ndipo mwini maliro anadya nawo. Asisi anabweretsa mbale, ababa anaimaliza, n'kupempha ina. Amayi anabwera mawa lake. Atangotsika basi, mayi wina wogulitsa tomato anawauza kuti, "Pepani, amuna anu anamwalira dzulo, koma panopa ali bwino."

Tsopano ndinene za lero, ndipo ndinena zoona zokhazokha chifukwa ndaima pamalo oyera. Shopu ija ilipobe, ndipo imadzaza kuposa kale. Asisi akugwirabe ntchito komweko. Makorokoza sanabwerere kwathu. Makina ali pakhonde, koma salira tsiku lonse ngati kale. Ababa akusoka zikwama za ana a sukulu ndi kukonza mipando ya njinga zamoto, ndipo masiku ena sipabwera munthu. Pali masiku amene amakhalanso chete. Koma amakhala chete ali panja, ndipo munthu akadutsa amakweza dzanja. Akudya. Akumeta. Lachisanu lapitali anandifunsa zimene tikuphunzira, ndipo nditayamba kufotokoza ananditsutsa, ngakhale kuti iwo ndi amene amalakwitsa. Tinakangana mpaka amayi anatiletsa.

Mulungu sanatseke shopu. Sanabweze makasitomala. Ine ndinkaganiza kuti akayankha ayankha kumeneko. Iye anangolola kuti Rimuka yense alakwitse tsiku limodzi, kuti ababa amve maliro awo ali moyo, ndi kuti aone nkhope ya mwana wawo ilibe msozi. Anawatulutsa m'manda amene analowamo okha. Pa chimenechi ndikuti zikomo Yesu. Zikomo Yesu.

Ndikuthokozanso inu. Munasiya ntchito zanu, misika yanu, munabwera ndi nkhuni ndi ufa, osadikira kuitanidwa. Ababa anamva zonse zimene munkanena za iwo. Akuti ena munawonjezera, koma akuti musabweze.

Za ine, sindikunamizani. Mpaka lero sindinalirebe. Dzanzi lija silinatheretu. Koma mukudziwa kuti mkono ukayamba kudzuka umabaya ngati singano. Zayamba kundibaya. Nthawi zina ndili m'kalasi ndimangomva kuwawa pachifuwa popanda chifukwa, ndipo ndimathokoza, chifukwa chowawa ndi chamoyo. Ndikukhulupirira kuti tsiku lina ndidzamva zonse, chisoni chake ndi chimwemwe chake chomwe. Mundipempherere.

Ababa ali muno. Akhala benchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ababa, taimani anthu akuoneni. Musaope abale, ndi iwo ndithu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Tsiku lija ine nditalephera kulira, inu munalira m'malo mwanga. Lero chimwemwe changa chikadali m'njira, sichinafike chonse. Ndikupempha mukondwere m'malo mwanganso, mokweza, mpaka ine ndidzakupezeni. Mayi Sakala, kulira kuja munayambitsa ndinu. Tayambitsani nthungululu.